Atelala ndi Alangizi a Mng'ono Wawo

Mayi wosoka zovala pafupi ndi pokwerera basi ankangodziwika kuti Atelala. Anali oyamba kubadwa, athupi, a mawu okweza, ndipo ntchito iliyonse yolemera kwawo inkagwera iwo. Mng'ono wawo, amene onse ankamutcha Mzime, ndiye anali wapamtima wa amayi awo.

Mzime atayamba kuonda, Atelala ndiwo anayamba kuzindikira, poti madiresi ake ankabwera kwa iwo kuti awabweze m'chiuno. Mtsikanayo ankanama kuti wadya kale kuntchito, ndipo akaima pagalasi ankati wanenepa, chikhalirecho mafupa a m'khosi ali poyera. Anthu anayamba zonenanena. Ena ankati amulodza, ena ankanong'onezana za matenda aja. Azakhali anati ndi matama chabe, njala imuwongola.

Tsiku limene anakomoka m'sitolo yomwe ankagulitsamo, Atelala anasiya nsalu pamakina n'kuthamangira naye kuchipatala. Adokotala anati vutoli lili m'maganizo ndipo limafuna chithandizo ngati matenda ena onse. Anamugoneka, ndipo atatuluka anayamba kukaonana ndi mlangizi, mayi wofatsa wolankhula motsitsa.

Apa ndi pamene mtima wa Atelala unayamba kuwawa. Iwo ndiwo ankaphika, iwo ndiwo ankakhala naye patebulo mpaka chakudya kuzizira, iwo ndiwo ankakankhiridwa mbale. Koma pakamwa pa Mzime panali munthu mmodzi yekha. "Alangizi anga akuti ndizidya pang'onopang'ono. Alangizi anga amandimvetsa."

"Mulungu awadalitse mayi amenewo," amayi awo ankatero.

"Nanga ine ndinali kuti, amayi? Kapena ndi alangiziwo anamunyamula atakomoka?"

"Iwe ndiwe wamkulu, usamatero."

Alangizi ataitana achibale, Atelala anavala diresi lawo labwino koposa, atakonzeka kuwaonetsa mayiwo kuti mwana ali ndi eni ake. Anapeza kachipinda ka mipando yapulasitiki ndi alangiziwo akuwalandira ndi manja awiri.

"Achemwali ake ndinu? Amakutchulani kawirikawiri. Akuti mukakhala naye, maso anu amatsatira supuni iliyonse, ndiye kukhosi kwake kumatseka. Muzingodya zanu, muzimuuza nkhani za makasitomala anu. Ndipo thupi likayamba kubwerera, musamuuze kuti wanenepa, ngakhale mukumuyamikira."

Atelala anatuluka atatupa ndi mkwiyo. Mlendo wadzulodzuloli awaphunzitse kudyetsa mwana amene anamubereka kumsana? Komabe anayesa, makamaka pofuna kuti zikakanika akawauze mayiwo pamaso. Anayang'ana m'mbale mwawo, nasimba za mkwatibwi wina amene anasinthitsa manja a diresi mpaka nsalu kutha. Mzime anaseka, ndipo chakudya cha m'mbale mwake chinatsika ndithu. Atelala anasangalala, kenako anapsa mtima kuti nzeruyo sinali yawo.

Panopa Mzime anabwerera kuntchito. Masiku oipa amabwerabe, ndipo akabwera amadzitsekera kuchipinda n'kuimbira foni alangizi ake. Atelala amamva mawu ake kuseri kwa chitseko, akulira, kenako akuyankha mofatsa, ndipo amadziwa kuti iwo sadzauzidwa zimene zikukambidwazo. Amapita kukhitchini kukatenthetsa chakudya, akugwetsa zivindikiro mwadala kuti amveke kuti nawonso alipo.