Kabotolo ka Magazi ka Mayi Tionenji

Ku Buruburu, Mmalawi amene sanasoketseko chovala kwa mayi Tionenji ndiye kuti wafika dzulo. Anabwera ku Nairobi potsatira amuna awo, dalaivala wa bungwe lina la mpingo, ndipo mayunifolomu a amayi a Mvano kuno amatuluka m'manja mwawo.

Kenako miyendo inayamba dzanzi, diso limodzi kuchita nkhungu. Madokotala anati ndi MS, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira mitsempha ya mwini wake. Matendawa amagona, n'kudzukanso osaodira. Pofuna kudziwa ngati ayambanso, achipatala anawapatsa zida zakunyumba: kudzibaya chala, kudonthezera magazi m'kabotolo, wa njinga yamoto ya bodaboda n'kukasiya kokayeza. Kwa munthu amene kukwera matatu, maminibasi a kuno, kumamugoneka tsiku lonse, unali mpumulo.

Koma amayi a Luso, oyandikana nawo, zenera lawo siligona. Anaona kabotolo kofiira kakupatsidwa kwa munthu wobisa nkhope m'chisoti. Sabata isanathe, mbiri inali itafika mpaka kudera la Madaraka: mayi Tionenji akudyetsa anamapopa, n'chifukwa chake utelala wawo ukuyenda bwino. Nsalu za Mvano zinasiya kubwera.

Zinawapweteka. Anthu amene anawasokera zaukwati, ena mimba zili kale patsogolo, iwo n'kukulitsa m'chiuno osauza munthu, lero akuti ndi wokhwima? Kukhwima kwanji koyenda ndi ndodo?

Lachinayi mayi Tionenji analowa ku Mvano, n'kuyala zida zawo patebulo la zopereka. Anadzibaya onse akuona.

"Amayi a Luso, inu muli ndi galimoto. Tengani, mukawapatse nokha anamapopawo."

"Aa, amayi, ine ndinangomva kwa anthu."

"Anthuwo anamva kwa inu. Nyamulani, asanaume."

Amayi a Luso anagwira kabotoloko ndi nsonga ya chitenje ngati khala la moto, n'kupita nako kokayeza. Pobwera anali ndi nkhani yatsopano: kumeneko kuli anamwino okhaokha, ndipo mmodzi tsitsi lake si lake.

M'mawa mwake nsalu zinaunjikana pakhomo. Mayi Tionenji analandira zonse, kupatula ya amayi a Luso.

"Yanuyi dikirani kaye zotsatira," anatero. "Mwina zionetsa kuti ndine mfiti."