Mabatire Oyanika Padenga

Ndinanyamuka ku Lusaka m'mawa, nditasenza udindo woyamba umene abale anandipatsa chisiyireni koleji. Amalume anga ku Kabwe ankadwala ndipo anali atasiya kudya. Kaseti yawo ya nyimbo za banjo ndi babatoni, imene agogo anabwera nayo kuchokera ku Malawi akugwira ntchito pamgodi, inali itaduka. Ine ndinali nditapeza chimbale chonsecho pafoni.

Kondakitala anandilipiritsa mtengo wa munthu wathunthu, koma anandipatsa theka la mpando. Pa Chisamba tinagula chimanga chootcha, ndipo mayi amene anakhalira theka linalo anaona nkhope yanga.

"Muyenda kumaliro?"

"Ayi mayi, ndikupita kukawaletsa."

Kuchoka apo msewu unayamba kunyezimira ngati madzi, minda ikuyandama pawindo. Ndinasinza, nkulota agogo akutuluka mumgodi ndi banjo pamsana.

Tinafika masana. Ku Katondo, komboni ya amalume, ndinayenda wapansi. Ndinagwada pambali pa bedi nkuyatsa foni. Amalume anamvetsera ali chitsinzinire.

"Awa ndani?"

"Ndi oyimba omwe aja a pakaseti yanu, amalume."

"Akuthamangira kuti? Zimitsa, iwe."

Azakhali anandikokera pakhonde nkundifotokozera. Kale m'nyumbamo munalibe magetsi. Mabatire akatha ankawayanika padenga kuti dzuwa liwadzutse, nkuwabwezera muwailesi. Kasetiyo inkayenda mokoka miyendo, mawu ali pansi ngati a munthu woyimbira m'chitsime. Aliyense wa mumsewuwo amene anaphunzira banjo anaphunzirira pamenepo.

"Khala apa, usakhudze kalikonse," anatero azakhali.

Anabwera ndi madala awiri, wina wowotcherera zitsulo, wina wosoka nsapato. Banjo yawo inali ya nsambo za waya wa mabuleki a njinga. Anakhala pakhomo la chipinda nkuyamba. Nyimbo inali yomwe ija, koma inkayenda ngati utsi tsiku lopanda mphepo. Mtsikana wogulitsa tomato kuseri kwa mpanda anayamba kuyankhira, mochedwa chimodzimodzi.

Chala cha amalume chinagwedezeka pabulangete. Nyimbo yachitatu ili mkati anatsegula maso.

"Phala lija lilipo?"

Ndinabwerera mawa lake, pa theka lina la mpando. Ku koleji ankati ndine wochedwa kumva zinthu. Tsopano ndikudziwa kuti kuchedwako nkwathu, ndipo kumeneko anthu amadya nako.