Pilo wa pakati pa mawondo

Loweruka lapitali kunyumba kwanga ku Chimwankhunda tinalipo anthu asanu ndi mmodzi. Ndiwatchula onse kuti wina asadzati mkuluyu wabisa mboni. Panali a Makwinja, mkulu wa mpingo wa mlaga wathu. Panali a Juwawo, mnzanga amene tinkatsitsa naye katundu m'maholoselo a ku Limbe, ine ndili kapitawo wake. Panali mayi Likoswe, namwino wopuma pantchito. Panali mwana wanga Lameki, dalaivala wa pakampani ina m'tauni. Panali akazi anga, amake Lameki. Wotsiriza ndinali ine, mwini manyazi.

Mwazolowera kuti patsamba lino la nyuzipepala ndimakalipira ena, makondakitala ndi anyamata a mathalauza ogwa. Sabata ino chala chaloza mwini wake.

Mwezi watha ndinaterereka potsika minibasi pa depoti ya ku Limbe, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Madokotala anang'amba, anachotsa mutu wa fupalo n'kuikapo wachitsulo. Ine amene ndinkasenza matumba awiri a shuga nthawi imodzi, ndinabwerera kwathu atandinyamula ngati thumba lachitatu.

Tsiku lotuluka, namwino wachitsikana anandipatsa pepala la malangizo. Linali la m'Chingerezi. Apa ndiulule: sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Chinyanja ndimalemba, ngakhale pensulo imavutika nane. Chingerezi ndimadziwa chokalipira, chowerenga ayi.

"Agogo, ndikuwerengereni?" anafunsa mwanayo.

"Iwe, ndinayamba kuwerenga usanabadwe!" Wodi yonse inamva. Ndinavala magalasi, ndinayang'ana pepalalo ndikugwedeza mutu ngati loya, kenako ndinalipinda n'kulitsekera m'Baibulo.

Titafika kunyumba, amake Lameki anauza mwana kuti asanje njerwa pansi pa miyendo ya bedi kuti likwere. Anandigoneka chagada, pilo wina kumutu, wina pakati pa mawondo. Ndikafuna kutembenuka ankati, "Dikirani," n'kugwira piloyo kuti asachoke, n'kunditembenuzira mbali yabwinoyo, thupi ndi mwendo pamodzi ngati thabwa. Eni ake anasamuka pabedi, anayala mphasa pansi, ati angandigunde mwendo ali mtulo.

Ndinene zoona. Pilo uja akakhala pamenepo, ululu unkazizira, tulo n'kubwera. Chimene chinkawawa ndi mtima. Mwamuna wa imvi, wa zidzukulu, kumagona atapana pilo ngati mayi amene mwezi wake wakwana?

"Za pilozi mwazitenga kuti?" ndinafunsa.

"Anamwino ananena."

"Pepala ndawerenga ndine. Za pilo mulibemo."

Iwo anangoti, "Chabwino, bambo ake Lameki. Takwezani bondo pang'ono."

Masabata atatu tinakhala choncho.

Tsono Loweruka masana ndili gone, ndinamva "Odi!" pageti. Mawu a a Makwinja. Anthu abwera kudzandizonda. Ndinasolola pilo uja n'kumuponya kuseri kwa bedi.

"Alowe konkuno," anatero amake Lameki. "Wodwala amaonedwa pomwe wagona."

"Wodwala ndani? Ndipatseni jekete."

Ndinatuluka ndi ndodo zanga mpaka pabalaza. Lameki anakoka mpando wautali wa patebulo, ine ndinaukana. Ndinakamira mu sofa langa lofewa lija, mawondo kuposa chiuno. Ndiye kuti aone kuti kapitawo akadalipo, ndinanyamula mwendo wodwalawo ndi manja n'kuusanjika pa unzake.

"Kapitawo, tamva kuti akuikani chitsulo," anatero a Juwawo. "Muzitseka geti, anyamata ogula zitsulo zakale angakukwezeni pa sikelo!"

Tinaseka tonse. A Makwinja anafunsa, "Nanga kugona, mukugona bwanji?"

Pamenepo ndi pomwe lilime linandigulitsa. Mawu anga mukuwadziwa, safuna chimkuzamawu.

"Ndikanagona bwino pakadapanda adokotala a m'nyumba muno! Sukulu sanaiponde, koma malamulo mbwee. Andikweza pa njerwa ngati galimoto yakufa. Andipanitsa pilo ngati ndikuyembekezera mapasa. Zimene achipatala sanalembe n'komwe!"

A Juwawo anaseka mpaka kutsokomola. A Makwinja anabisa mano ndi chipewa. Amake Lameki anali atagwada, akuthira thobwa m'makapu. Anamaliza kuthira, anapereka ndi manja awiri, n'kutuluka.

Mayi Likoswe okha sanaseke. "Bambo, tsitsani mwendowo. Pang'onopang'ono."

Nditati nditsitse, china chake chinandibaya m'chiuno ngati msomali wamoto. Ndinakuwa. Agalu a aneba anayankha. Kudzuka mu sofamo kunakanika. Lameki ndi a Juwawo anandinyamula, jekete itakwinyikira m'khosi, mpaka pabedi la pa njerwa lomwe ndimalinyozalo. Onse analowa.

"Pilo ali kuti?" anafunsa mayi Likoswe.

Amake Lameki analowa, anagwada, anapisa mkono kuseri kwa bedi, anatulutsa pilo uja, anamukuntha fumbi, n'kumuika pakati pa mawondo anga. A Makwinja akuona. A Juwawo akuona.

"Pepala anakupatsani kuchipatala?"

Lameki anakalitenga m'Baibulo. Mayi Likoswe anawerenga mzere ndi mzere akumasulira m'Chinyanja. Gonani chagada. Ikani pilo pakati pa mawondo. Mukatembenuka, pilo asachoke. Bedi lisakhale lotsika. Musakhale pampando womira. Musasanjike miyendo.

Mzere uliwonse unali mbama.

Kenako mayi Likoswe anatembenukira kwa akazi anga. "Amayi, zonsezi mwachita bwino. Anakuwerengerani ndani?"

"Palibe, mayi. Masiku asanu ndi anayi ndinali gadiyani mu wodi muja. Anamwino akamalangiza odwala ena, ine ndimasunga."

Anathera pomwepo. Sananene kuti bambowa anandinamiza kuti za pilo mulibemo. Akanandilalatira bwenzi ndili ndi poyankha. Anandiphimba, ine nditangowavula pagulu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula ndi njuchi zomwe.

Amuna anzanga a imvi, tiyeni tikambe. Kodi matenda athu enieni ali m'mafupa? Dokotala akafunsa kuti "Mwamva, bambo?" timayankha "Eya!" mwamphamvu ngati asilikali, chonsecho sitinatolepo kanthu. Timaopa kuti kamwana ka yunifolomu kadziwa kuti sitiwerenga. Ndiye timapita kunyumba ndi pepala lopinda bwino, kukalamula ndi umbuli wathu.

Lowani m'chipatala chilichonse muno mu Blantyre. Ndani amagona pasimenti pansi pa bedi la wodwala? Ndani amataya beseni? Ndani amatchera khutu namwino akamalankhula? Ndi amayi omwewa timawati sanaponde sukulu. Mankhwala a mwamuna ali m'mutu mwa mkazi wake, koma alendo akabwera, mwamuna yemweyo amamusandutsa nthabwala kuti anzake aseke.

Nawonso mchitidwe wathu wozonda odwala ndiukayikira. Wodwala akamva odi amadzuka, kuvala jekete, kukakhala pabalaza ngati akufunsira ntchito. Alendo nawo amati, "Aa, mwachira kale!" n'kumapita okondwa. Otsala ndi ululu ndi eni nyumba. Mukapita kukazonda munthu, lowani pomwe wagona. Mukamupeza ndi pilo pakati pa miyendo, mupatseni moni, mupemphere, basi. Chodabwitsa n'chiyani? Simunaonepo pilo?

Olemba mapepala a kuchipatala ndikanawapempha kuti azilembanso m'chilankhulo chathu. Koma sindibisala kumbuyo kwawo. Namwino wachitsikana uja anati andiwerengere. Ndinakana ndine.

Kwa inu amene mwachitidwa opaleshoni ngati yanga, tulo tilipo. Tili pa bedi lokwera, chagada, pilo ali m'malo mwake. Ndatifunafuna mwaukapitawo, sindinatipeze.

Amake Lameki sawerenga nyuzipepala, ndiye kupepesa pano n'kupepesa kumphepo. Ndinawanyoza pamaso pa anthu anayi. Ndatuma uthenga kuti anayi omwewo abwerenso, adzandipeze nditagona ndi pilo wanga, ndidzanene mokweza monga ndinanyozera. A Juwawo akafuna kuseka adzaseke.

Chandifikitsa pamenepa si msomali wamoto uja, si pepala lija. Ndi Lameki.

Lolemba anapita nane kuchipatala kuti akandijambule. Dokotala anati chitsulo chikadali m'malo mwake, koma ndi mwayi. Chikanaguluka, bwenzi ndikubwerera ku mpeni. Pobwerera, mantha atatha, kapitawo anayambanso kudzuka mwa ine.

"Waona? Mafupa akale ndi olimba," ndinatero. "Koma pilo uja ndiye ayi. Wophwatalala, wothaitha. Amako anamutola kuti?"

Lameki chibadwire sanandibwezerepo mawu. Anayendetsa pang'ono, anapatukira pambali pa msewu, anazimitsa galimoto. Sanandiyang'ane. Anayang'ana chiwongolero.

"Bambo, m'nyumba muja muli mapilo awiri okha. Wanu mumatsamira. Uja munaponya kuseri kwa bedi ndi wa amayi. Masabata atatu akhala akutsamira chitenje chopinda, pamphasa, pansi penipeni pa bedi lanu. Bedi tinalikweza kuti mwendo upole, bambo. Sitinalikweze kuti musamaone amene wagona pansi."