Theka la Bala Langa

Ndinali ndi zaka khumi pamene chikwanje chodulira tiyi chinanding'amba mwendo, pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza, masiku a thangata. Ana tinkapalira m'mizere, ndipo ndinagwera chikwanje chimene wina anachisiya m'udzu. Bala lake linayambira pansi pa bondo mpaka kukakolo.

Amayi ondibereka anali atamwalira. Pakhomo panali mayi wondipeza, wochokera kutsidya kwa malire, kwa Apwitikizi, amene ndinkadana naye kwambiri. Kwathu bala tinkalithira phulusa n'kuliyanika padzuwa kuti liume. Iye anakana. Analitsuka ndi madzi owiritsa, n'kulipaka mafuta a nsatsi, kenako anakulunga mwendo ndi tsamba la nthochi lowamba pamoto n'kumanga ndi luzi.

"Bala likauma limang'aluka," anatero. "Usamasule iwe."

Azakhali anga, alongo awo a bambo, atamva ananditengera kuseri kwa nyumba. "Akufuna mwendowu uwole ameneyo. Kodi anakubereka?"

Ndinawakhulupirira. Mayi uja atapita kukathyola tiyi, ndinang'amba tsambalo chakumunsi, pamene luzi linali lofooka, n'kuthirapo phulusa. Atabwera anaona.

"Wathira chiyani apa?"

"Ndinu mfiti inu! Si inu amayi anga!"

Sanandimenye, ngakhale kuti ndinayenera kumenyedwa. Anangoti, "Chabwino. Kumunsiku n'kwako ndi azakhali akowo. Kumtundaku n'kwanga."

Tsiku lililonse ankatsuka theka lake n'kusintha tsamba, ine ndikumuyang'ana ndi diso loipa. Masabata atatu asanathe, kumtunda kunali kutatsekeka ndi mnofu wofiira, wosalala. Kumunsi kwanga kunachita nkhanambo yokhuthala, yomwe inkang'aluka ndikangoponda pansi. Mafinya anabisala mkati mwake, ntchentche zinandizolowera, fungo linathamangitsa anzanga. Bambo anandibereka kumsana mpaka kuchipatala cha mishoni, kumene anadula mnofu wowolawo. Azakhali sanabwere n'komwe kudzandizonda, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire.

Kuyambira pamenepo ndimayenda motsimphina. Tsopano ndikudziwa kuti khungu latsopano limakwawa pamene pali ponyowa, potsukidwa bwino ndi pophimbika, pouma limaima. Ndikudziwanso kuti pa akazi awiri aja, mmodzi yekha ndiye ankagwira mwendo wanga ndi manja ake. Anamwalira chaka chotsatira pobereka, ine ndisanamuyitanepo kuti amayi.