Ayi wa ku Scotland

Chaka chimene anthu a ku Scotland ankavota zoti adzilamulire okha kapena akhalebe pamodzi ndi Angerezi, ine ndinali ndisanathe chaka pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Romford. Ndinkakwera basi ku Ilford m'mawa uliwonse, ndipo nkhani imeneyi ndinkaimva ngati nkhani ya ukwati wa eni. Asiyane, asasiyane, ine zindikhudza pati? Kutchalitchi ku Croydon ndiye azibambo athu ankakangana mpaka tiyi kuzizira. Ena ankati asiyeni apite, ifenso tinatuluka m'chitaganya. Ena ankati ufulu sadya, taonani kwathu. Msuweni wanga wa ku Dedza, namwino ku Glasgow, anali ndi voti chifukwa ankakhala komweko, ndipo sabata iliyonse ankandiimbira atasintha maganizo.

Amene analibe voti anali bambo ena a m'chipinda cha pakona, obadwira ku Scotland kwenikweniko. Anabwera ku London ali mnyamata kudzagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto, n'kukalambira konkuno. Akazi awo atamwalira, bambowo anachita sitiroko. Mbali yakumanja inafa, pakamwa panapindika, khosi linauma moti sankatha kugwedeza mutu, mawu onse n'kuthawa. Abwana anga, mayi wachingerezi woyang'anira nyumbayo, anandipatsa bambowa kuti akhale anga: kuwasambitsa, kuwadyetsa, ndi kulemba m'faelo mwawo zonse za tsikulo.

Ine pakamwa panga sipakhala chete. Ndikamasambitsa munthu ndimalankhula, ndipo Chizungu chikandithera ndimangolowa Chichewa. Ayi bambo, musakoke thaulo. Ayi, ayi, dikirani kaye. Tsiku lina ndinawafunsa m'Chizungu ngati akufuna tiyi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa liwu limodzi lochokera pansi pa mmero.

"Ayi."

Ndinatsala pang'ono kugwetsa kapu. Miyezi yonseyo osalankhula, lero liwu loyamba n'kukhala lakwathu! Ndinatsika masitepe ndikuthamanga kukauza mnzanga wa ku Zimbabwe, amene agogo ake anachokera ku Ntcheu, kuti ndamuphunzitsa mzungu Chichewa. Anaseka mpaka kutsamira khoma. Ndinadzitama sabata yathunthu, msuweni wa ku Glasgow yekha ndiye ndinaiwala kumuuza, pamene iyeyo akanandidula msanga.

Tiyi uja ndinabwerera naye kukhitchini. Nanga munthu wakana. Mawa lake ndinawafunsa ngati akufuna kutuluka panja kukaothera dzuwa, anati ayi, ndinawasiya m'chipinda. Bulangete lina? Ayi. Ndikatembenuka kuti ndizipita, ankamenya tebulo ndi dzanja lamanzere mpaka supuni kudumpha. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinkawakalipira m'Chichewa kuti mwakana nokha, tsono tebulo lalakwanji? Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti anzanga akawapatsa tiyi ankamwa bwinobwino. Ndinatsimikiza mumtima kuti madala amenewa sandifuna ine, ndipo chifukwa chake ndinkachiganizira pakhungu langa.

Bambowa anali ndi ana awiri. Wamwamuna ankakhala ku Romford konko, ankabwera Loweruka lililonse kudzawameta ndevu, mwakachetechete, osalankhula zambiri. Wamkazi anabwerera ku Scotland kalekale, ku tauni ya m'mphepete mwa nyanja kumene bambo ake anabadwira, ndipo anali atawapezera chipinda pa nyumba ya okalamba pafupi ndi kwawo. Ankafuna kuwatenga. Mlongo wakeyo sankafuna.

Akakumana pa korido, za bambo awo sankazitchula mwachindunji. Ankakangana za voti. Wamkazi, baji yofuna kudzilamulira ili pachifuwa, ankati Scotland yatopa kulamulidwa ndi maboma amene sinawasankhe. Wamwamuna ankati anthu akusewera ndi moto, mawa padzakhala malire, ndiye iye azidzafuna pasipoti kuti akamete ndevu za bambo ake? Ife tikupinda matawulo tinkamva bwinobwino kuti dziko limene akulimbiranalo lagona m'chipinda cha pakona.

Abwana anatopa nazo. Anandiitana n'kunena kuti bambowo mutu wawo ukugwira, ndiye asankhe okha. Ndiwafunse masiku atatu osiyana, m'mawa asanatope, ndilembe yankho lawo. Ndinachita ndendende. Ndinakhala pa mpando pafupi nawo, ndikulankhula Chizungu changa chabwino cha pa Sabata, ndinafunsa ngati akufuna kupita ku Scotland kukakhala pafupi ndi mwana wawo wamkazi. Ayi. Tsiku lachiwiri, ayi. Tsiku lachitatu ananena kawiri, misozi ikutsika mbali yamoyo ya nkhope. Ine ndinati kalanga, akuopa kusamutsidwa. Ndinawapukuta misozi n'kuwalonjeza kuti asadandaule, palibe amene adzawachotse muno. Ndinalemba kuti akana katatu konse, ndinasaina.

Abwana anamuimbira wamkazi uja. Akuti anati chabwino, Lachisanu akauza eni nyumba ija kuti chipindacho apereke kwa wina.

Lachitatu masana ndinali m'chipinda chochezera ndikugawa mabisiketi. Pa wailesi yakanema ankafunsa anthu m'misewu ya ku Scotland za voti, imene inali itayandikira. Wina anati sakudziwa, wina anati akuopa za ntchito yake. Kenako anafunsa gogo wina wamkazi amene anadzikulunga mbendera yabuluu, nkhope ili ngwee, kuti kodi avotera kudzilamulira? Gogoyo anakweza mbendera n'kukuwa mosangalala kuti ayi. Ine ndinaseka. Ndinati gogo uyu wasokonezeka, mbendera m'manja, pakamwa akukana. Mayi wina wachingerezi amene ndinkamupatsa bisiketi anandifunsa chimene ndikuseka, ndipo nditamufotokozera anandiyang'ana pamwamba pa mandala.

"Mwanawe, kumtunda uko akafuna kunena kuti inde amatero."

Ndinakumbukira bambo a m'chipinda cha pakona. Ndinaika mbale pa mpando wopanda munthu, mabisiketi ena n'kugwa. Tiyi yense uja. Dzuwa lija. Bulangete. Ndiye lonjezo langa lija, ndikupukuta munthu misozi n'kumamuuza kuti chimene akupemphacho sadzachiona. Safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa ndinali ine, phula ankadya ndi bambo a eni.

Sindinama, maganizo oipa anandifikira. Mapepala anga okhalira m'dziko muno anali omangirira pa ntchito yomweyi, ndipo palibe amene ankadziwa. Ndikanangokhala duu, Lachisanu likanadutsa. Ndinaima pa masitepe mwina mphindi ziwiri ndikudziuza kuti ndikawauza mawa. Ndinadzimva ndekha kuti ndikunama, ndipo ndinapsa mtima ndi mayi amene anaima pa masitepeyo, ine mwini. Ndinakagogoda ku ofesi.

Kufotokozera Mngerezi kuti liwu limodzi lomwelo kwanu ndi kukana, kwa eni ake ndi kuvomera, n'kuwonjezeranso kuti unkaganiza kuti wamuphunzitsa ndiwe, ndi manyazi amene sindifunira munthu. Abwana sanaseke, sanakalipenso. Anafunsa kuti zayamba liti, ndinati mu Malichi. Anatseka maso pang'ono. Kenako anatenga mapepala awiri, pena analemba inde, pena ayi, m'Chizungu, zilembo zikuluzikulu, n'kumuimbira mwana wamwamuna uja kuti abwere akaweruka.

Anabwera ndi zovala za kuntchito. Tinalowa atatu m'chipinda cha pakona. Abwana anaika mapepala aja pa tebulo, anafunsa funso lomwe lija pang'onopang'ono. Chala chamanzere chinanyamuka, chinakagwera pa inde, ndipo chinakhala pomwepo chikusindikiza mpaka pepala kukwinyika. Anasinthanitsa mapepala, anafunsanso. Chala chinalondola inde. Mwana wawo anangoyang'ana pa windo.

Ine ndinagwada pansi, mmene ndikanachitira kwa bambo anga ondibala, n'kupepesa. Abwana anandikoka pa phewa kuti ndidzuke, kuno satero. Bambowo anandiyang'ana kuchokera pamwamba, mbali imodzi ya mlomo ikugwedezeka. Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuseka kapena kundinyoza, ndipo zonse ziwiri ndikanazilandira. Ndinawafunsa ngati akufuna tiyi. Ananena liwu lawo lija, ndipo ndinawabweretsera makapu awiri.

Abwana anaimba ku Scotland ine nditaima pakhomo la ofesi. Wamkazi uja anali asanawauze eni nyumba ija. Chipinda chinalipo. Ndinamva mawu ake akutuluka mu foni, akulira ndi kuseka pamodzi, ndipo ine ndinakhala pansi pa korido pomwepo. Chenjezo lolembedwa ndinalandira, n'kutumizidwanso ku maphunziro a tsiku limodzi. Ndinasaina mokondwa ngati ndikulandira mphatso.

Voti inachitika, ambiri anasankha kukhalabe pamodzi. Msuweni wanga anakana kundiuza mbali imene anavotera. Wamkazi uja anabwera patatha masabata awiri kudzalongedza katundu, baji atachotsa, akunena kuti anthu akwawo achita mantha pa khomo lotsegula. Mlongo wake, amene mbali yake inapambana, sanamuseke ngakhale pang'ono. Ndiye amene anati bambo asakwere sitima, awaperekeza yekha pa galimoto, ulendo wa tsiku lonse.

M'mawa wonyamuka tinawakweza kumpando wakutsogolo, mapilo uku ndi uku. Wamkazi anabwerera m'chipinda kukatenga mankhwala. Ndinatsala ndi wamwamuna kumbuyo kwa galimoto tikupinda njinga ya olumala ya bambo ake, ndipo ndinayamba kumupepesanso, kuti ndinamupatsa chiyembekezo chabodza. Anandidula.

"Musapepese kwa ine. Liwu limenelo ndakula nalo. Tsiku limene ndinamva kuti akana, ndinadziwa kuti wina sanamve bwino. Loweruka lililonse ndinkawameta ndevu, funso lili pakamwa, osawafunsa."

Anatseka buti, anapukuta manja pa buluku, n'kukatsegula chitseko cha bambo ake kuti awamange lamba. Lambayo anavuta kulowa, ndipo anawerama pamenepo nthawi yaitali kuposa imene lamba amafuna, chipumi chili pa phewa lawo. Ine ndinapita kukayalula bedi.