Khutu la ababa latseguka

Mwaswera bwanji nonse.

Ababa ayamba kumva. Lero kuchipatala awachotsa m'khutu thonje lomwe anawaika atawachita opaleshoni. Madokotala aja ndawagomera: kafupa kam'kati kanauma kaja anakachotsa n'kuikapo kachitsulo kochepa ngati njere ya mpunga.

Titafika kwathu ku Ngokwe ndinawapatsa phala la gaga. Mwachizolowezi ndinauza ana anga, ababa ali pomwepo, kuti asayang'ane mbale ya agogo, anawo adya mango owiritsa. Ndinaiwala kuti akumva.

Ababa anaika supuni pansi. "Zimenezi mwayamba liti?" Phala lonse anagawira adzukulu, iwo n'kutola bango limodzi pa mango aja.

Anenetsa kuti njala ino sadyanso okha, chonsecho akumwa mankhwala. Abale, ndiwakakamize kapena ndiwasiye?