Mpata umene achimwene anasiya pansi pa kalata

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ngakhale kunena zoona tulo sindinatione. Amayi a mpingo anali atatopa ndi kuimba pasiwa, ena akusinza atatsamira khoma. Bokosi la achimwene linali pakati pa nyumba, lokutidwa ndi mbendera, chipewa chawo chili pamwamba. Amayi athu anakhala kumutu kwake, dzanja lili pachifuwa. Ndinkadziwa chimene anabisa pamenepo. Inali kalata yomaliza, yosatsegula, imene msilikali mnzawo anaipeza m'thumba lawo n'kubwera nayo pamodzi ndi mtembo.

Achimwene analowa usilikali atangomaliza sukulu. Amayi sadziwa kuwerenga, ndipo foni saikhulupirira. Amati mawu a pafoni amauluka koma pepala umaligwira. Choncho achimwene ankalemba makalata, ine n'kumawawerengera amayi pakhonde. Akakwezedwa pa udindo, ankaika m'kalatamo kansalu kakale ka paphewa. Kanabwera ka nyenyezi imodzi, kenako ka ziwiri, ndipo atakhala Meja anatumiza ka zitatu. Amayi ankasunga tonseti m'buku lawo la nyimbo.

Atatumizidwa ku nkhondo m'nkhalango za dziko la eni, makalata anasintha. Dzina la Mulungu linasowamo. Ina inachita kunena kuti, "Zopemphera ine ndasiya, koma usawauze amayi." Sindinawauze. Ndikafika kumapeto kwa kalata iliyonse ndinkaikapo pemphero langa, maso ali papepala ngati ndikuwerenga. Amayi ankati Amen, n'kukagona bwino.

Dzulo lake la tsiku la malirolo akulu a mpingo anali atabwera kudzafunsa za moyo wa malemu, popeza panali patapita nthawi yaitali osadya mgonero. Ine ndinayankha kuti kalata yawo iliyonse inkatha ndi pemphero. Pa mawu angawo anavomera kuyendetsa mwambo wa maliro. Pamenepo amayi anati kalata yomalizayo ikawerengedwe kumanda, anthu akadzimvere okha chikhulupiriro cha mwana wawo. Kwathu kuno ndinaonapo abusa akutseka buku n'kuchoka pamaliro, anamfedwa n'kutsala okha ndi adzukulu. Ndinkaopa zimenezo. Koma koposa ndinkaopa za banja lija la m'Malemba, limene linanama pamaso pa atumwi n'kugwa pomwepo, anyamata n'kulinyamula.

Kunja kunacha ndi mvula yowaza. Mapiri a ku Ntchisi sankaoneka chifukwa cha nkhungu. Kuseri kwa nyumba amayi a m'mudzi ankalimbana ndi nkhuni zonyowa, utsi ukukwawa pansi. Anyamata anasenda mbuzi pamtengo wa mango. Anthu anayamba kufika, ena pa njinga kuchokera ku Chezi, ena pa ngolo, achibale a ku Chisepo matope ali mpaka m'mawondo. Amuna anadzazana m'chigafa cha fodya, masamba akuwakhudza m'mitu.

Galimoto ya asilikali inatitimira pachitunda cha kumunsi kwa mudzi. Anatsika onse n'kubwera wapansi, nsapato zonyezimira zija zitasanduka zibuma. Mdzukulu wina wochokera kokumba manda anawayang'ana n'kunena kuti, "Abwana, kuno mdani wathu ndi matopewa. Muwombereni tione." Anthu anaseka chamumtima, ngakhale msilikali mmodzi anamwetulira. Ine kuseka kunandikanika.

Ndinagwada pafupi ndi amayi. "Amayi, bwanji ndiyambe ndaiona ndekha kalatayo? Mwina zilembo zina zafufutika."

"Ayi, mwanawe. Tikaimvera limodzi."

Nthawi ya mbiri, mkulu wa asilikali anafotokoza kumene achimwene anagwira ntchito ndi maudindo awo mmodzimmodzi. Anati anali munthu wosasiya anyamata ake m'mbuyo. Abusa analalikira mwachidule chifukwa cha mvula. Kenako asilikali ananyamula bokosi pamapewa, akuponda pang'onopang'ono, ife tikutsatira. Njira ya kumanda imadutsa m'munda wa chimanga n'kutsetsereka. Kawiri konse wakutsogolo anaterereka, bokosi n'kupendekeka, amayi oimba n'kudula nyimbo. Ine ndinkangoti mumtima, Ambuye, mvulayi ikule, anthu abalalike. Koma inapitiriza kuwaza chabe.

Bokosi litatsikira m'manda, amayi anatulutsa kalata ija n'kundipatsa. Ndinali nditakonza kale kuti ndikapeza mawu oipa ndiwadumpha. Koma mkulu wina wa mpingo, mphunzitsi wopuma pantchito, anabwera ndi ambulera kuti pepala lisanyowe. Anaima paphewa panga, magalasi ali pamphuno, maso ali pa zilembo zomwezo.

Chiyambi chinali chabwino. Achimwene anapereka moni kwa amayi, anafunsa ngati denga la khitchini linakonzedwa, anati fodya asagulitsidwe kwa mavenda. Kenako ndinaona mzere woyamba ndi mawu akuti "Mlongo wanga." Ndinaima. Dontho linagwa kuchokera pa ambulera n'kugwera pachala changa. Mkulu uja anangosendeza ambulera. Ndinawerenga monga zinalembedwera.

"Mlongo wanga, nditabwera patchuthi amayi anandithokoza chifukwa cha mapemphero a m'makalata anga. Ine sindinalembepo pemphero. Ndikudziwa kuti ndi iwe. Chiyambire tsiku limene ndinatuma anyamata asanu kukatunga madzi n'kubwerako awiri, ndikagwada pakamwa pamauma. Anandikweza udindo chaka chomwecho, ndipo kansalu kameneka kamandilemera. Koma usasiye. Pansipa ndasiya mpata. Ikapo lako, ine kuno ndidzati Amen."

Ndinkamva madontho akugwa pabokosi. Abusa anali atatseka buku, chala chili mkati. Akulu a mpingo anayang'anana. Ndinadikira kuti wina atembenuke n'kuyamba kuchoka, ndipo sindinayerekeze kuyang'ana nkhope ya amayi.

"Werenga pansipo," anatero amayi.

"Palibe kanthu, amayi. Mpoyera."

"Ndiye ikapo, monga umachitira."

Sindikumbukira bwino mawu onse. Ndikudziwa kuti ndinayamba ndi kuulula bodza langa, pamaso pa Mulungu ndi pa mpingo. Kenako ndinapempha Iye amene anamva wachifwamba pa ola lomaliza, amene sazimitsa nyali yofuka, kuti alandire Amen wa munthu amene pakamwa pake panauma. Nditamaliza, mkulu wa ambulera uja anati Amen, mokweza ngati ali m'kalasi. Anthu anatsatira. Abusa anatsegula buku n'kuyambitsa nyimbo.

Mfuti zitalira ndinagwa chogwada m'matope. Palibe anandichenjeza kuti awombera nthawi imeneyo, ndipo ndinaganiza kuti chiweruzo chija chandipeza. Amayi awiri anandidzutsa. Ndinali wamoyo. Lipenga linalira, mlamu wanga, mkazi wa malemu, analandira mbendera yopindidwa, adzukulu anayamba kukwirira. Pobwerera, mkulu uja anandiuza motsitsa mawu kuti Lachitatu ndikaonekere pamaso pa akulu a mpingo. Ndinavomera. Ndiyenera kutero.

Pofika madzulo anthu ambiri anali atapita. Ng'ombe za ngolo ndi zimene zinakoka galimoto ya asilikali m'matope muja. M'nyumba munatsala fungo la utsi ndi mikeka yonyowa, ndi malo oyera pakati pamene panali bokosi. Amayi anatsegula buku lawo la nyimbo, naika kansalu komaliza, kamene asilikali anabwera nako, pamodzi ndi tinzake titatu.

"Amayi, munkadziwa?"

"Mwana uja ankalemba ngati nkhuku yapalasa. Mawu ake unkawerenga mokakamira. Ukafika pa pemphero unkathamanga ngati wakwera njinga." Anandipatsa kalata ija. "Werenganso. Usathamange."

Ndinawerenga pang'onopang'ono, za denga la khitchini, za fodya, za anyamata asanu aja. Nditafika pampata paja ndinaima. Mvula inkagogoda pamalata. Amayi anatseka maso, ndipo ulendo uno amene anayamba pemphero ndi iwo.